Kulembetsa Kampani Kumateteza Katundu wa Pakhomo

Ku Feruka, mumzinda wa Mutare, komwe kumafikira paipi ya mafuta yochokera ku Beira, amalonda ang'onoang'ono ofuna kugulitsa katundu kumakampani akuluakulu amafunsidwa ziphaso za kampani. Lamulo la makampani la Zimbabwe lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020 limalola kulembetsa Private Business Corporation, ya anthu osapitirira 20, kapena Private Limited, ya eni masheya osapitirira 50. Dzina likavomerezedwa ndipo chiphaso chikatuluka, kampaniyo imalembetsedwanso ku ZIMRA kuti izikhoma msonkho.

Ubwino wake ngwakuti kampani ikagwa m'ngongole, nyumba ndi ziweto za mwiniwake sizilandidwa, pokhapokha ngati anazipereka chikole. Komabe mwiniwake ayenera kusunga ndalama za kampani padera, osazisakaniza ndi za pakhomo.