ZIZINDIKIRO ZA M'THUPI ZOLOSERA NGATI KHANSA YA KOTULUKIRA CIMBUDZI IDZAMVA MANKHWALA

Mlimi aliyense wa ku Petauke ndi ku Nyimba adziwa kuti minda iwiri ingathe kulandira mbeu imodzi, feteleza mmodzi ndi mvula imodzi, koma pokolola nkhokwe ya wina nkudzaza pamene ya mnzace ili pakati. Cimene cimasiyanitsa ndi nthaka, ndipo mlangizi wa zaulimi akaipima angathe kunena za zokolola mbeu isanabzalidwe. Madokotala a khansa nawonso akhala akufunafuna njira yopimira cotupa kuti adziwiretu ngati cidzamva mankhwala. Nchito imeneyi yapita patsogolo pa khansa ina imene anthu ambiri amacita nayo manyazi ngakhale kuichula dzina, ndiyo khansa ya kotulukira cimbudzi.

MATENDA OBISIKA

Khansa imeneyi si yofala kwambiri. M'caka ca 2020 anthu pafupifupi 50,000 pa dziko lonse lapansi ndiwo anapezeka nayo. Koma kuopsa kwace kuli pakuti imayamba monga matenda wamba. Munthu amaona magazi akapita kucimbudzi, amamva kuyabwa kapena kuwawa, kapena amakhudza kacotupa pakhomo pa njirayo. Ambiri amangoti ndi matenda a mudzi, nayamba kufuna mizu ndi masamba kwa miyezi yambiri. Ena amaopa kuvula pamaso pa namwino amene ali msinkhu wa mwana wao. Pofika kucipatala cotupa cimakhala citakula, mwinanso citafika kale ku timitsempha ta m'mphecepece mwa ncafu.

Odwala 9 mwa 10 alionse amaitenga khansayi cifukwa ca kacirombo kochedwa HPV, makamaka mtundu wace wa nambala 16. Kameneka ndi kacirombo komwe kamayambitsa khansa ya khomo la ciberekero, imene ndiyo imapezeka koposa khansa zonse mwa amai a m'Zambia. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, analandira mphotho ya Nobel mu 2008 cifukwa cosonyeza kuti HPV ndiko gwero la khansa ya ciberekero. Kaciromboka kamafala pogonana, ndipo anthu oculuka amakatenga nthawi ina pa moyo wao, thupi nkukacotsa lokha. Mwa anthu owerengeka, makamaka amene citetezo cao cafooka ndi HIV, kamakhazikika kwa zaka zambiri kufikira maselo ataonongeka. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti anthu 11 mwa 100 alionse a zaka 15 ndi kupitirira m'dziko muno ali ndi HIV. Ndiye cifukwa cace nkhani imeneyi ikhudza mabanja ambiri.

CITHANDIZO CIMENE CINASINTHA ZINTHU

Kale mankhwala a khansa imeneyi anali mpeni wokha. Dokotala ankacotsa njira yonse yotulukira cimbudzi, naboola pamimba pamene wodwala ankamangirira thumba moyo wace wonse. Mu 1974 dokotala wina wa ku Detroit m'dziko la America, Norman Nigro, analemba za odwala atatu amene anawapatsa mankhwala awiri a m'mitsempha, 5-fluorouracil ndi mitomycin C, pamodzi ndi kuwalitsa ceza camphamvu pa cotupa, cithandizo cochedwa radiotherapy. Colinga cace cinali kucepetsa cotupa asanacidule. Koma odwala awiri atacitidwa opaleshoni, panalibe khansa imene inapezeka pa nyama yocotsedwayo. Kucokera pamenepo, mankhwala ophatikiza ndi ceza anasanduka cithandizo coyamba, ndipo mpeni unatsalira iwo amene khansa yakana kutha kapena yabwereranso.

Cithandizoci cimatenga milungu 5 kapena 6, wodwala akumagona pa makina tsiku lililonse kuyambira Lolemba kufikira Lacisanu. Khungu limapsa, m'mimba mumatsegula, ndipo magazi amacepa. Kwa munthu wa kuno pali mtolo winanso. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007, cili ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Petauke ndiponso oposa 300 kucokera ku Nyimba, kudzera mu mseu wa Great East ndi pa mlatho wa Luangwa. Wodwala ndi womudwazika wace amasiya munda, ziweto ndi ana kwa mwezi ndi theka. Banja limene lagulitsa mbuzi kapena cimanga kuti lipeze ya basi liyenera kudziwa cimene likuyembekezera.

Odwala ambiri amacira, makamaka amene afika msanga. Koma ena, ngakhale alandira mankhwala amodzimodziwo pa makina amodzimodziwo, khansa imawabwerera. Funso la madokotala ndi lakuti: kodi nkotheka kuwazindikira anthu amenewa cithandizo cisanayambe?

CIZINDIKIRO COCHEDWA p16

Yankho loyamba lili m'kanyama kakang'ono kamene dokotala amadula pa cotupa kuti katsimikize matendawo. Ku labotale kanyamako kamadulidwa mopyapyala koposa tsamba la anyezi, nkupakidwa mankhwala amene amasintha mtundu akakumana ndi puloteni yochedwa p16. Kacirombo ka HPV kakalowa m'selo kamathyola cimodzi ca ziletso zimene zimaletsa selo kuswana mopanda malire. Poyesa kudziteteza, selolo limapanga p16 yoculuka kwambiri. Motero woyang'ana pa maikulosikopu akaona kanyama konse kasanduka kofiirira, amadziwa kuti cotupaco cinabadwa ndi HPV.

Codabwitsa ncakuti cotupa cotere ndico cimamva bwino mankhwala. Kafukufuku wa m'maiko angapo a ku Ulaya wasonyeza kuti odwala amene zotupa zao zili ndi HPV ndi p16 amacira koposa, pamene owerengeka aja opanda zizindikiro ziwirizi khansa imawabwerera kawirikawiri. Cimodzi ca zifukwa zace cikhudza mlonda wina wa m'selo wochedwa p53, amene nchito yace ndi kulamula selo loonongeka kuti life. M'zotupa za HPV mlondayu amangotsekedwa pakamwa ndi kacirombo, koma ali moyo. M'zotupa zambiri zopanda HPV mlondayu ndi woonongekeratu, kotero kuti ceza cikaocha selo palibe wolilamula kufa.

Cizindikiro caciwiri ndi asilikali a m'magazi, maselo oyera ochedwa lymphocyte. Pa kanyama komweko katswiri amawerenga kuculuka kwa asilikali amene alowa m'kati mwa cotupa. Pamene ali ambiri, ndiye kuti thupi layamba kale nkhondo, ndipo mankhwala amangobwera kudzathandiza. Odwala otere aoneka kuti khansa siiwabwerera kwambiri.

Cacitatu, cimene ndi catsopano koposa, cili m'magazi enieni. Maselo a khansa akamafa amataya tizidutswa ta DNA ya HPV m'magazi, ndipo makina amakono angathe kutipeza. Wodwala akamaliza cithandizo tizidutswato nkuzimiririka, ndi nkhani yabwino. Tikatsala, ndi cenjezo lakuti khansa ikubisala penapace, ngakhale maso ndi cala ca dokotala sizinaipeze.

Owerenga ayenera kumvetsa bwino apa. Kufikira lero zizindikiro zimenezi zimathandiza kulosera, koma cithandizo coyamba cikali cimodzimodzi kwa onse. Ku Britain kuli kafukufuku wochedwa PLATO woyesa kucepetsa mlingo wa ceza kwa amene zotupa zao ndi zazing'ono ndi kuuonjezera kwa amene zao ndi zazikulu. Ciyembekezo ca akatswiri ncakuti mtsogolo muno p16 ndi zinzace zidzathandiza pa kusankha kotere, kuti wina asapse khungu pacabe ndipo wina asapatsidwe mlingo wosakwanira.

ZIZINDIKIRO ZIMENE ZILI PAFUPI

Pali zina zolosera zimene sizifuna makina a kutali. Coyamba ndi kukula kwa cotupa. Cotupa coposa masentimita 5, kapena cimene cafika ku timitsempha ta m'mphecepece mwa ncafu, ncobvuta kuciza koposa cacing'ono. Ici ndi cizindikiro cimene wodwala mwini ali naco mphamvu, pakuti cimadalira tsiku limene wanyamuka kupita kucipatala.

Caciwiri ndi ciwerengero ca CD4, cimene ambiri a ife akumwa ma ARV amacidziwa kale. Wodwala amene CD4 yace ili pansi pa 200 amabvutika kwambiri ndi ukali wa mankhwala a khansa, ndipo nthawi zina cithandizo cimaimitsidwa pakati, cinthu cimene cimapatsa cotupa mpata wophukiranso. Koma amene amamwa ma ARV mokhulupirika, kacirombo nkugonja m'magazi, amacira pafupifupi mofanana ndi amene alibe HIV. Kucepa kwa magazi ndi kusuta fodya nazonso zimacepetsa mphamvu ya ceza.

Pali phunziro linanso lofunika kwa odwala ndi abale ao. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wochedwa ACT II, wa odwala 940, anasonyeza kuti khansa imeneyi imasungunuka pang'onopang'ono. Ambiri amene cotupa cao cinali cikuonekabe pa milungu 11 anapezeka atacira pofika milungu 26 kucokera tsiku loyamba cithandizo. Motero wodwala wobwerera kumudzi akali ndi kacotupa asataye mtima, ndiponso asaleke kupita pa masiku amene dokotala wamuikira.

CIMENE CINGACITIKE KUNO KWATHU

Khansa imeneyi ndi imodzi mwa zimene zingapewedwe. Katemera wa HPV, amene anayesedwa koyamba m'cigawo ca Lusaka mu 2013 nafalitsidwa dziko lonse mu 2019, amateteza ku mtundu wa nambala 16 womwe uja. Makolo amene alola mwana wao wamkazi kulandira katemerayu kusukulu amamuteteza ku khansa ziwiri nthawi imodzi. Amai amene anapezekapo ndi zironda za pa khomo la ciberekero, pa nchito yopima ndi viniga imene inayamba m'Zambia mu 2006, ali pa ngozi yokulirapo ya khansa ya kotulukira cimbudzi, ndipo ayenera kuuza namwino akaona cacilendo ciliconse. Ku America, kafukufuku wa ANCHOR amene zotsatira zace zinatuluka mu 2022 anapeza kuti kuciza zironda zoyambirira mwa anthu a HIV kunacepetsa khansayi ndi 57 pa 100.

Kupima koyamba sikufuna ulendo wa ku Lusaka. Pa cipatala ca Boma ca Nyimba, ca Petauke, ca Kalindawalo kapena ca mishoni ca Minga, dokotala angathe kuyang'ana ndi kupima ndi cala m'mphindi zocepa, ndipo akakayikira amatumiza wodwala kumene kanyama kangadulidwe ndi kupimidwa. Munthu aliyense, mwamuna kapena mkazi, amene waona magazi, cotupa kapena cironda cosapola kwa milungu ingapo, apemphe kupimidwa m'malo mongolandira mankhwala opaka. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi alangizi a m'midzi angathandize kwambiri poichula nkhaniyi poyera ndi mwaulemu, pakuti labotale singathe kuwerenga zizindikiro za munthu amene manyazi amutsekera m'nyumba.