Lembo la h pa Chiyambi cha Kuwerenga Chichewa

Mwana wa Sitandade 1 sachedwa kudziwa a, e, i, o, u, pakuti Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu okha. Maphatikizo monga pa, pe, pi, po, pu nawonso samuvuta. Chimene chimamupunthwitsa ndi h.

Mu "phala" ndi "khola" lembo limeneli silimveka palokha monga limvekera mu "hema". Lingosonyeza mpweya wotuluka pambuyo pa p kapena k. Mwana wosaumva mpweyawo amalemba "pala" ndi "kola", amene ali mawu ena ndithu. Motero ph, th ndi kh ayenera kuphunzitsidwa aliyense monga chinthu chimodzi, mwana ataika chikhatho pafupi ndi pakamwa kuti aumve mpweyawo asanagwire pensulo.

Koma lamuloli silifika pa ch. Malamulo a kalembedwe amene Chichewa Board inatulutsa mu 1973 anaika ch pamene kale pankalembedwa c, ngakhale kuti liwulo lilibe mpweya. La mpweya limalembedwa tch, monga mu "tchire". Ku Zambia anasunga c, nalemba "Cinyanja". Mphunzitsi wa ku Malawi achita bwino kuchedwetsa ch ndi tch kufikira ph, th ndi kh atakhazikika.