TAI CHI: MASEWERA ODEKHA AMENE ACHINJIRIZA OKALAMBA KUTI ASAGWE

M'bandakuca, misika isanatsegulidwe, m'mabwalo a m'mizinda ya dziko la China mumasonkhana nkhalamba, amuna ndi akazi omwe. Amaima m'mizere, maondo atapinda pang'ono, nayamba kukweza manja, kutembenuza ciuno ndi kusuntha phazi limodzi-limodzi, monga anthu amene akuoloka mtsinje wa madzi olekeza m'cifuwa. Palibe ng'oma, palibe wolumpha kapena wothamanga. Mlendo angathe kuyesa kuti ndi gule wa anthu otopa. Koma amenewa ndi masewera ochedwa tai chi, ndipo madotolo a m'maiko ambiri apeza kuti amathandiza pa bvuto limene limasautsa mabanja kuli konse, ndilo kugwa kwa anthu okalamba.

Bvuto limeneli si laling'ono. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization likuti anthu okwanira 684,000 amafa caka ciri conse cifukwa ca kugwa, ndipo pa anthu 100 ali onse otere, oposa 80 ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Amene amafa kwambiri ndi a zaka zopitirira 60. Nkhani yotere njodziwika m'midzi: agogo aterereka pa matope a ku citsime kapena apunthwa pa khomo usiku, pfupa la m'ciuno lathyoka, ndipo kuyambira tsiku lomwelo munthu amene anali kudzipitira yekha ku dimba asanduka wa pa mphasa.

CIYAMBI CAKE CINALI NKHONDO

Dzina lathunthu la masewerawa ndi taijiquan. Mau akuti quan atanthauza nkhonya, pamene taiji ndi ciphunzitso cakale ca ku China cakuti zinthu zonse zimayenda ziwiri-ziwiri zosinthana, zochedwa yin ndi yang: usiku ndi usana, kufewa ndi kulimba, kupuma ndi kugwira nchito.

Nthano ya ku China imati woyambitsa anali munthu wopemphera wa m'mapiri a Wudang, dzina lake Zhang Sanfeng, amene anaona njoka ikulimbana ndi mbalame ya miyendo yaitali yonga kakowa. Akuti mbalameyo inali kujompha mwamphamvu, koma njoka inali kungopinda thupi ndi kulewa, mpaka mbalame inatopa. Imeneyi ndi nthano cabe. Akatswiri a mbiri yakale amaloza ku mudzi wa alimi wochedwa Chenjiagou, m'cigawo ca Henan, kufupi ndi mtsinje waukulu wa Yellow River. Kumeneko kunali msilikali wina, Chen Wangting, amene anabwerera kwao ufumu wa Ming utagwa m'caka ca 1644. Iye anaphatikiza njira za kamenyedwe za asilikali ndi njira zakale za kapumidwe ndi kaongoledwe ka thupi, naphunzitsa abale ake kuti azitha kuteteza mudzi wao.

Kwa mibadwo ingapo luso limeneli linali cuma ca banja la Chen lokha. Munthu wakunja amene anachuka poliphunzira ndi Yang Luchan, wobadwa m'caka ca 1799 ku Yongnian, amene anakhala zaka zambiri pa mapazi a mphunzitsi Chen Changxing. Pambuyo pake anapita ku Beijing kumene anaphunzitsa akulu-akulu a ku nyumba ya mfumu ndi asilikali ao, ndipo anthu anam'patsa dzina lakuti Yang Wosagonjetseka. Anamwalira m'caka ca 1872. Mdzukulu wake, Yang Chengfu, amene anamwalira m'caka ca 1936, ndiye anasalaza masewerawa: anacepetsa kulumpha ndi kuponda pansi mwamphamvu, nasiya mayendedwe akulu, ofatsa ndi olingana, oti munthu wamba angawathe. Lero pali mitundu isanu yodziwika kwambiri, yochedwa ndi maina a mabanja: Chen, Yang, Wu, Wu-Hao ndi Sun.

M'caka ca 1956 Boma la China linasankha mayendedwe 24 kucokera ku mtundu wa Yang kuti aziphunzitsidwa kwa anthu onse. Munthu wozolowera amawatsiriza pa mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Mayendedwewo ali ndi maina okumbukika msanga, monga kugwira mcira wa mpheta, manja oyenda ngati mitambo, ndi tambala woima ndi mwendo umodzi. M'mwezi wa December 2020 bungwe la UNESCO linalemba tai chi m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa ndi anthu onse. Pa msonkhano womwewo linalembanso gule wa Budima wa ku cigwa ca Zambezi, kum'mwera kwa Zambia, ndipo Gule Wamkulu wa Acewa ali m'kaundula yemweyo kuyambira 2008.

CINSINSI CA KUDEKHA

Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu akamayenda mofulumira, liwiro lomwelo limam'nyamula, ndipo sazindikira kuti mwendo wina ngwofooka. Koma akati ayende pang'ono-pang'ono, pa phazi liri lonse pamakhala kanthawi pamene thupi lonse latsamira pa mwendo umodzi wopinda bondo. Kanthawi kameneko ndiko kamene kamalimbitsa minofu ya m'nchafu, ya m'katumba ndi ya m'kakolo.

Wophunzira tai chi amayamba watsamiritsa thupi lonse pa mwendo umodzi, kenaka anyamula winawo, natsitsa citendene pansi mopepuka, ndipo pokhapo ndi pamene amasamutsira thupi kutsogolo. Msana umakhala woongoka, mapewa omasuka, maso akuyang'ana kutsogolo, ndipo potembenuka ciuno ndico cimatsogolera. Pocita zimenezi tsiku ndi tsiku, mitsempha ya ku mapazi imazolowera kuuza ubongo msanga za pamene phazi laponda, kotero kuti munthu akapunthwa amadziwongola asanafike pansi. Aphunzitsi a ku China amafotokoza zonsezi ndi mau akuti qi, kunena mphamvu ya moyo yoyenda m'thupi, pamene madotolo amanena za minofu, mitsempha ndi mpweya.

ZIMENE OFUFUZA ANAPEZA

M'caka ca 1996 ofufuza a mu mzinda wa Atlanta ku America anafalitsa zimene anapeza pa anthu 200 a zaka 70 ndi kupitirira. Amene anaphunzira tai chi kwa milungu 15 anacepetsa ngozi ya kugwa kawiri-kawiri pafupi-fupi ndi theka, ndipo mantha ao a kugwa anacepanso.

Kufufuza kwina kokulirapo kunacitika m'cigawo ca Oregon ndi kufalitsidwa m'caka ca 2018. Nkhalamba 670 zimene zinagwapo kale kapena zinali kuyenda mobvutika zinagawidwa m'magulu atatu, ndipo gulu liri lonse linali kukomana kwa ola limodzi kawiri pa mlungu, kwa milungu 24. Powerengera, pamene a gulu longoongola ziwalo anagwa nthawi 100, a gulu la tai chi anagwa nthawi 42 zokha. Anapambananso ngakhale gulu lacitatu limene linali kucita masewera osiyana-siyana olimbitsa thupi.

Ku Boston, m'caka ca 2016, anthu 204 odwala nyamakazi ya m'maondo anagawidwa pawiri: ena anaphunzira tai chi kwa milungu 12, ena analandira cithandizo ca akatswiri oongola ziwalo a ku cipatala. Ululu unacepa molingana m'magulu onse awiri, koma a tai chi ndiwo anapepukidwa kwambiri ku cisoni ca mumtima. Ndipo ku Beijing, m'caka ca 2024, ofufuza anaonetsa kuti pa anthu 342 amene mwazi wao unayamba kuthamanga, amene anacita tai chi kwa caka cathunthu anatsitsa kuthamangako koposa anzao amene anali kuyenda ndawala, kuthamanga ndi kupalasa njinga.

Phindu la m'maganizo siliri lobvuta kulimvetsa. Munthu amene akukumbukira phazi loyenera kutsogola, dzanja loyenera kukwera, ndi nthawi yokoka ndi kutulutsa mpweya, alibe mpata woganizira za ngongole ya fetereza kapena mkangano wa dzulo. Kupuma mozama ndi mosathamanga kumakhazika mtima pansi. Cinanso ncakuti masewerawa amacitidwa pagulu, ndipo nkhalamba imene ikanatsala yokha pa khonde imakhala ndi cifukwa cotulukira m'mawa kukaonana ndi anzake.

KODI WA KHASU AFUNIRANJI MASEWERA?

Ena anganene kuti munthu wa kumudzi, amene amalima, kutema nkhuni ndi kusenza madzi, alibe cosowa masewera. Nzoona kuti khasu limalimbitsa thupi. Bvuto limadza pamene zaka zaculuka, kapena munthu wagona milungu ingapo ndi matenda. Ana ndi adzukulu, mwa cikondi, amati agogo apumule, nawalanda nchito zonse. Miyendo yosagwira nchito imafooka msanga. Munthu wofooka miyendo amaopa kugwa. Woopa kugwa amaleka kuyenda, ndipo miyendo imafookeratu. Ndico cifukwa cake malangizo a World Health Organization a m'caka ca 2020 akuti anthu a zaka 65 ndi kupitirira azicita masewera olimbitsa miyendo ndi ophunzitsa thupi kuima mosagwedezeka masiku atatu kapena kuposa pa mlungu.

Tai chi weni-weni amafuna mphunzitsi, pakuti mayendedwe ake saphunzirika mwa kungowerenga. Komabe maziko ake angayesedwe pa bwalo liri lonse losesedwa bwino ndi losaterera. Munthu aime mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa, dzanja limodzi litagwira khoma kapena mpando wolimba. Apinde maondo pang'ono, asamutsire thupi ku mwendo wamanja, awerenge mpaka kasanu, kenaka asamukire ku wamanzere. Akazolowera, ayambe kunyamula phazi lopepukalo ndi kuliika kutsogolo, citendene coyamba, akupuma mosafulumira. Bondo lisapitirire zala za ku phazi, ndipo ngati lapweteka asapinde kwambiri. Mphindi khumi pa tsiku nzokwanira poyamba, ndipo nkwabwino kuti mdzukulu aime pambali.

Masewerawa salowa m'malo mwa mankhwala. Wodwala kuthamanga kwa mwazi kapena shuga apitirize kumwa zimene anapatsidwa ku cipatala. Amene amamva cizungulire, kupweteka m'cifuwa kapena kubanika ayambe waonana ndi a zaumoyo, pakuti kugwa-igwa nthawi zina kumacokera ku maso osaona bwino, kucepa kwa mwazi kapena mankhwala amene munthu akumwa.

Chen Wangting anaphunzitsa abale ake kuima nji kuti mdani asawagwetse. Patapita zaka zoposa 300, phunziro lomwelo likuthandiza anthu a imvi kutsika citunda, kulumpha ngalande ndi kufika ku citsime ndi miyendo yao. Banja limene lipatsa agogo ake bwalo losalala ndi mphindi khumi m'mawa uli wonse lidzakhala litawacitira cabwino coposa kuwauza kuti akhale pansi.