Wodwala matenda a kadyedwe akakhala pa ulendo

Munthu amene akuchira ku matenda osokoneza kadyedwe amadalira chinthu chimene ulendo suchedwa kuchisokoneza: nthawi yokhazikika yodyera. Matendawa gwero lake ndi m'maganizo ngakhale amaonekera pathupi. Ena amadzimana chakudya mpaka kuonda moopsa, vuto limene dokotala William Gull wa ku London analitcha anorexia nervosa mu 1873. Ena amadya mosadziletsa kenako n'kudzisanzitsa, ndiyo bulimia imene Gerald Russell anaifotokoza mu 1979. Chithandizo chimene Christopher Fairburn wa ku Oxford anakonza chimayambira pa lamulo losavuta kumva koma lovuta kusunga: kudya katatu patsiku, kutolatola kachakudya kawiri kapena katatu pakati pake, ndipo pasadutse maola oposa anayi munthu asanadye kanthu. Chifukwa chake n'chakuti njala yaitali imadzutsa matendawa. Wodzimana amayambanso kukondwera ndi mimba yopanda kanthu, pomwe wa bulimia amadzadya mopitirira muyeso chakudya chikapezeka.

Tsono taganizirani basi yochoka ku Blantyre kupita ku Johannesburg kudzera pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Imatha tsiku lathunthu ndi kupitirira, imaima pomwe dalaivala wafuna, ndipo pamalire anthu amakhala pamzere maola ambiri. Ena onse amangodandaula, koma wodwala uja wapeza chonamizira chakuti chakudya sichinapezeke, ndipo palibe amene angamutsutse. N'chifukwa chake kamba wa munthu wotere, kaya ndi mtedza, nthochi kapena buledi, ayenera kukonzedwa ulendo usanayambe, n'kumadyedwa poyang'ana wotchi osati podikira njala. Palinso ngozi ya pathupi. Kusanza pafupipafupi kumachepetsa mchere wa potassium m'magazi, ndipo kutsegula m'mimba kukawonjezerapo panjira, mtima ungasokonezeke kagundidwe kake. Kuonana ndi dokotala asananyamuke si nkhani yochitira ulesi.

Akafika, vuto limasintha nkhope. Kwathu kuno kuuza mlendo kuti wanenepa ndi kumuyamikira, ndipo kumukakamiza kuti awonjezere nsima ndi chikondi. Kwa amene wavutika miyezi kuti thupi libwerere, mawu amenewa angamugwetsenso m'dzenje lomwe watulukamo movutikira.

Ena adzati awa ndi matenda a azungu okhuta. Ku Fiji nakonso anthu ankatamanda thupi lojintcha, koma wailesi yakanema itafika m'dera lina la dzikolo mu 1995, kafukufuku wa Anne Becker anapeza kuti pofika 1998 atsikana ena a sukulu anali atayamba kudzisanzitsa kuti aonde. Zithunzi zimene zinachita zimenezo lero zili pafoni m'manja mwa ana athu. Ena angati bwanji wodwalayo osangokhala pakhomo. Ngati wafooka kwambiri kapena wangoyamba kumene chithandizo, akunena zoona, ulendo udikire. Koma kumuletsa maukwati, maliro ndi sukulu kwa zaka n'kuthandiza matendawa, poti amakula bwino munthu akamadzipatula. Chofunika n'chakuti ayende ndi munthu mmodzi wodziwa vuto lake, amene angadye naye limodzi nthawi ikakwana. Ndipo inu olandira mlendo wotere, m'patseni chakudya pa nthawi yake, musamuwerengere mitanda ya nsima, za thupi lake musanenepo kanthu.