Ngongole ya msonkho ya mwana mmodzi, nyumba ya banja lonse

Mumzinda wa Livingstone ku Zambia, womwe unali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, chuma chimene makolo ambiri amasiyira ana si ng'ombe kapena minda, koma nyumba za lendi ku Maramba, Dambwa ndi Libuyu, kapena nyumba zogona alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Chuma chotere nthawi zina chimaikidwa mu thirasiti, ndiko kuti m'manja mwa msungi amene dzina lake limalembedwa pa mapepala a umwini, ngakhale kuti phindu lake ndi la anthu ena otchedwa opindula. Mkangano umabuka pamene mmodzi mwa opindulawo wapezeka ndi ngongole ku Zambia Revenue Authority (ZRA), bungwe lotolera misonkho lomwe linayamba ntchito mu 1994, chifukwa abale ake amaopa kuti boma ligwira nyumba yonse.

Mantha amenewa amaposa zimene lamulo limalola, pakuti ngongole ya wopindula ndi ya iye mwini, ndipo chimene ZRA ingafikire ndi gawo lake lokha. Komabe gawolo likhoza kugwidwa lisanafike m'thumba mwake, popeza lamulo la Income Tax Act limapatsa mkulu wa ZRA mphamvu yosankha munthu aliyense wosunga ndalama za wangongole kuti akhale wolipira m'malo mwake. Msungi akalandira kalata yotere, lendi imene amayenera kupatsa m'bale wake imapita ku boma, ndipo akanyalanyaza chifukwa cha chibale, ngongoleyo ikhoza kugwera iye. Apa ndi pamene asungi ambiri, omwe kawirikawiri amakhala mwana wachisamba kapena malume wosadziwa za malamulo, amapsa zala.

M'mayiko monga England ndi South Africa mabanja olemera amakonza thirasiti yopatsa msungi ufulu wosankha amene alandire ndi nthawi yake, kotero kuti wopindula sakhala ndi gawo lodziwika limene wokongoza angaloze. Ku Zambia khomo limeneli ndi lopapatiza, chifukwa lamulo la Trusts Restriction Act la 1970 limaletsa thirasiti zambiri, kupatula zina monga zosungira ana aang'ono, mkazi wamasiye ndi ntchito zachifundo. Amene amaganiza kuti thirasiti ndi mpanda wobisalira msonkho amakhala atamva nkhani za kwina.

Mabanja ambiri sadziwa n'komwe kuti zofananazo zimawakhudza pamene kholo lamwalira osasiya wilo. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limagawa chuma cha masiye motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena amene ankadalira womwalirayo. Woyang'anira chuma cha masiye amayamba walipira ngongole za womwalira, kuphatikizapo msonkho, ndipo zimenezi zimachepetsa gawo la aliyense, pamene ngongole ya mwana mmodzi siyenera kudya za abale ake. Nyumba imene banja linkakhalamo ili ndi chitetezo chapadera, pakuti wamasiye ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso, ndipo woyang'anira sangaigulitse popanda chilolezo cha khoti, ngakhale mwana wangongoleyo atamukakamiza motani.