Phula lafika ku Milange, ana aphunzire kuwoloka

M'tauni ya Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine, msewu sukhala duu. Njinga zosenza matumba a chimanga zimalunjika ku Muloza, pamalire ndi boma la Mulanje, a kabaza akulimbirana okwera, njinga zamoto zikulowerera pakati. Panthawi yoweruka kusukulu, ana amatsanulikira mumsewu womwewo.

Kale fumbi ndi maenje a msewu wa N11 wopita ku Mocuba ndi zimene zinkagwira madalaivala mwendo. Utaikidwa phula ndi thandizo la European Union, ulendo unafupika ndipo alimi anapeza misika. Koma galimoto zinayambanso kuuluka, pamene makolo ambiri a m'midzi ya m'mbali mwake anakula popanda wowauza za kawolokedwe. Nanga mwana akaphunzira kwa yani?

Lipoti la World Health Organization la mu 2023 likuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ndipo ndizo zikutsogola pa imfa za ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Bungweli likutinso liwiro likakwera kuchoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola, chiopsezo choti woyenda pansi wogundidwa afe chimakula kanayi ndi theka.

Mwana wamng'ono maso ali nawo, koma satha kuyeza liwiro. Amaona lole ikadali patali n'kuganiza kuti adutsa. Ndi wamfupi, ndiye akatulukira kuseri kwa minibasi yoima, dalaivala amamuona mochedwa. N'chifukwa chake wa zaka zosafika 10 safunika kuwoloka yekha msewu wa phula. Wazaka zitatu agwidwe pamkono, osati kumapeto kwa chala, ndipo aziyenda kumbali ya tchire, wamkulu kumbali ya galimoto. Akayamba sukulu, mayi kapena bambo aime naye m'mphepete, amufunse yekha kuti, “Tiwoloke kapena tidikire?” Akalakwitsa, amuuze chifukwa chake. Kukalipa kokha sikuphunzitsa.

Mwayi ulipo umodzi. Ku Mozambique ndi ku Malawi konse galimoto zimayenda kumanzere, choncho lamulo silisintha mwana akawoloka mtsinje wa Muloza kupita ku msika wa Limbuli: ayang'ane kumanja, kumanzere, kumanjanso, ndipo poyenda azitsata mbali yakumanja kuti aziyang'anizana ndi galimoto zobwera.

Amene amaiwalika ndi achemwali ndi achimwene. Kumudzi mwana wa zaka 11 ndiye amaperekeza ang'ono ake awiri, wina ali kumbuyo. Iyeyu ndiye woyenera kuphunzitsidwa mozama, chifukwa akathamanga onse amathamanga. Akasinkhuka n'kuyamba kupalasa njinga, phunziro lisinthenso: mabuleki, nyali usiku, chisoti pa njinga yamoto.

Komabe si chilungamo kusenzetsa mwana katundu yense. Chikalata cha Stockholm cha mu 2020 chinalimbikitsa liwiro losapitirira makilomita 30 pa ola pamalo pamene anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi galimoto. Pazipata za sukulu za m'mbali mwa N11 pakufunika zitunda zochepetsa liwiro ndi mizere yowolokera. Makomiti a makolo apite nalo pempholi ku khonsolo ya Milange ndi ku ANE, bungwe loyang'anira misewu, ndipo wailesi ya Thumbine iziwakumbutsa madalaivala m'Chichewa ndi m'Chilomwe.