Matiresi odzipopa okha: yesani musanapikule

Amalonda ena akatsegula belo la kaunjika amapezamo timatiresi topyapyala tokhala ndi vavu pakona, n'kutigulitsa pamtengo wa mkeka. Kumeneko n'kutaya ndalama. Amenewa ndi matiresi odzipopa okha, omwe anthu okwera mapiri amagonera m'nyengo yozizira.

M'kati mwake muli siponji. Mukatsegula vavu, siponjiyo imafufuma n'kukoka mpweya yokha. Mpweya wotsekeredwawo ndiwo umatchinga kuzizira kochokera pansi. Matiresi a Therm-a-Rest a ku America ndiwo adayambitsa luso limeneli m'zaka za m'ma 1970.

Poika mtengo, onani nambala ya R-value. Ikakhala 2, matiresiwo ndi a nyengo yofunda. Kuyambira 4 kupita m'tsogolo ndi a chisanu, ndipo amenewo musawagwetse mtengo.

Koma musanapereke ndalama, yesani. Tsegulani vavu, dikirani mphindi 10, uziranimo kawiri kapena katatu, tsekani n'kugwadapo. Mukamva akuphwa, pakani madzi a sopo. Pomwe pakutuluka thovu ndi pobooka. Kabowo kakang'ono kamamatika ndi chigamba. Koma akamatupa ngati chibaluni malo amodzi, asiyeni: nsalu yamatuka ku siponji ndipo sakonzeka.

Ogula alipo. Otsogolera alendo ndi onyamula katundu ku Likhubula amadziwa kuzizira kwa m'phiri la Mulanje mu June ndi July, makamaka chakufupi ndi Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002.

Posunga, ayaleni vavu ili yotsegula. Akakhalitsa ali okulunga, siponji imafooka.